Amuna anga ali ndi paipi ya mkodzo pamimba miyezi 7, bwanji akungoti tidikire "dokotala wake"?

Funso lomwe talandira: "Adokotala ndithandizeni. Bambo akunyumba ndi a kabaza wa njinga yamoto, anagundidwa ndi lole nkuthyoka mafupa a mchiuno. Mafupa anapola, pano akuyenda, koma chichitikireni ngozi sakodza okha, anawaboola pamimba nkuikapo paipi. Papita miyezi 7. Tikapita kuchipatala amangosintha paipi nkutiuza kuti njira inaduka, tidikire dokotala wake wa zimenezi. Kodi dokotala wakeyo ndi wotani, anaphunzira chani chomwe enawa sanaphunzire poti nawonso maopaleshoni amapanga? Wina watiuza kuti pali pena amatsegula njira ndi tizitsulo tsiku limodzi basi, wina akuti tigulitse malo tipite ku India, wina akuti amadula nyama mkamwa. Ine mutu waima."

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani. Miyezi 7 munthu wamkulu akuyenda ndi thumba la mkodzo mu thalauza si zocheza, ndipo ndikudziwa kuti wasenza mtolo waukulu pakhomopo ndinu, kuchapa zofunda, kusaka ndalama yoyendera, kulimbitsa mtima munthu yemwe anazolowera kudzuka 4 koloko mbandakucha kupita pa siteji koma pano wangokhala pakhonde. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya njira ya mkodzo nde ndiyankha motalikirako, mundipirire. Koma ndiyambe ndi chachikulu kuti olo mutope kuwerenga mukhale mutachimva. Ku tizitsulo kuja musapiteko. Malo musagulitse kaye. Amene anakuuzani kuti dikirani dokotala wake sanakuthamangitseni ayi, ananena zoona, chifukwa opaleshoni imeneyi mwayi wake waukulu uli pa ulendo woyamba, ikalakwika koyambako yachiwiri imavuta kwambiri ndipo zina sizibwereranso mchimake.

Ndifotokoze kaye zomwe zinachitika mthupimo. Mkodzo umapangidwa mu impso, nkutsika timapaipi tiwiri kupita mchikhodzodzo, kuchoka apo umatuluka kudzera njira imodzi yomwe ife timati urethra. Kwa amayi njirayi ndi yaifupi, masentimita 4 basi, koma kwa abambo imafika 18 kapena 20 ndipo siyowongoka, imadutsa mkati mwa prostate, kachiwalo ka abambo komwe kali pansi pa chikhodzodzo, nkuboola minofu ya pansi pa chiuno, nkukhota pansi pa fupa lakutsogolo lija kenako nkulowa mchida cha abambo. Pamalo pomwe yangotuluka mu prostate paja ndi pofooka, mbali ina yagwirana ndi fupa mbali ina yagwirana ndi minofu, nde mafupa akathyoka nkusuntha mwamphamvu njira ija imakokedwa uku ndi uku mpaka phwi, ngati mmene chingwe choyanikira zovala chimadukira mtengo umodzi ukagwa. Magazi amadzadza pakatipo, nsonga ziwiri zija nkutalikirana, yakumtunda kukwera pamodzi ndi prostate, yakumunsi kutsalira. Pakapita masabata thupi limayamwa magazi aja, pamalopo nkutsala chipsera cholimba gwa ngati chikopa chouma. Nde apa mumvetse bwino, njira ya amuna anu sinatsekeke ngati paipi ya madzi yomwe mwalowa zinyalala. Pakatipo njira palibe konse. Pali nsonga ziwiri, ndi chipsera pakati.

Amene anawaboola pamimba tsiku la ngozi lija anapulumutsa impso zawo, kaya anali clinical officer kaya dokotala wachinyamata amene anali pa call, anachita bwino kwambiri. Tsiku limenelo munthu akutaya magazi mkati, malo atupa, sukhala ukuona chilichonse, ukati usoke pompo umangoonjezera kuononga. Nchifukwa chake timadikira miyezi yosachepera 3, kutupa kuthe, prostate itsikeko, mpata uchepe, komanso munthuyo athe kutambasula miyendo poti pa tebulo la opaleshoni amagona miyendo ili mmwamba kwa maola. Paja kuona maso a nkhono nkudekha. Koma inu miyezi 3 munaidutsa kalekale, nde chomwe mukufunika pano ndi kudikira kokhala ndi dzina pa mndandanda ndi kalata yotumizidwa ku chipatala chachikulu, osati kungosinthitsa paipi mwezi ndi mwezi opanda yemwe wakuuzani kuti chotsatira ndi chani.

Za tizitsulo. Sindikunena kuti ndi zabodza, zili ndi malo ake. Abambo ambiri omwe timawaona njira yawo siinaduke koma inapanikizika, ife timati stricture, ena chifukwa cha chinzonono chomwe sichinachizidwe bwino zaka zapitazo, ena chifukwa cha paipi yomwe inaikidwa mokakamiza, ena anagwera pa mtanda wa njinga. Kwa amenewo kabowo kamakhala kalipo, nde utha kukakulitsa ndi zitsulo zoyamba yaing'ono kumapita yokulirapo, kapena kudula chipseracho ndi kampeni kakang'ono ukuyang'ana pa kamera, njira yomwe anatchukitsa Hans Sachse wa ku Germany mma 1970. Koma olo kwa iwowo sizikhalitsa. Ku Tygerberg Hospital ku Cape Town, Chris Heyns ndi anzake anatsatira abambo 210, ena otsegulidwa ndi zitsulo ena odulidwa ndi kampeni, zotsatira zinatuluka mu 1997 ndipo anapeza kuti njira ziwirizi sizisiyana kwenikweni, malo opanikizika akakhala ochepera masentimita 2 abambo pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse amatsekekanso chaka chisanathe, akaposa masentimita 4 ndi pafupifupi 8 mwa 10. Chaka chotsatira anaonetsanso kuti kubwereza kachitatu sikuthandiza. Kafukufuku ameneyu anachitikira kuno ku Africa komwe kuno ndipo madokotala padziko lonse lapansi amamutchulabe. Tsono ngati zili choncho kwa munthu yemwe kabowo ali nako, nanga kwa amuna anu omwe pakatipo ndi khoma, chitsulocho chikadutsa pati?

Chimadziboolera njira yakeyake. Chaka china anabwera bambo wina wazaka za mma 30, nayenso ngozi ya pamsewu. Asanafike kwa ife anali atapita pamalo pena katatu kukatsegulitsa, ulendo uliwonse kulipira, kukodza movutikira sabata imodzi kenako tseke. Atalowa mchipinda anakhala pa mpando ndi thako limodzi, akazi awo atanyamula jumbo ya tizidutswa ta chitenje tomwe amadulira kuti bamboyo aziika mkabudula. Titawayeza tinapeza tibowo 3 pansi pa maliseche totuluka mafinya, akati akodze mkodzo umatulukira monsemo ngati kheni yothirira ndiwo kudimba, ndipo mabuku athu amatchuladi choncho. X-ray inaonetsa kuti chitsulo chinalambalala prostate nkukalowa mchikhodzodzo pamalo olakwika, chitang'amba khomo lake. Zinatitengera maopaleshoni awiri ndi nthawi yoposa chaka. Pano amakodza yekha, koma akatsokomola kapena kunyamula katundu mkodzo umadontha, ndipo zimenezo akanabwera asanakhudzidwe mwina sizikanachitika. Ndimawakumbukira nthawi zonse munthu akandifunsa za tsiku limodzi basi.

Tsono dokotala wakeyo ndi ndani. Dzina lake ndi urologist, dokotala wa opaleshoni wa impso, chikhodzodzo, prostate, njira ya mkodzo ndi ziwalo za abambo. Kuno kwathu munthu amayamba ndi kukhoza bwino MSCE, ambiri nkuchita chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka 5 za MBBS ku sukulu ya udokotala ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1991 ngati College of Medicine ndipo pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Akamaliza amagwira miyezi 18 moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu, kuzungulira kwa ana, kwa amayi, ku opaleshoni, kenako a Medical Council of Malawi nkumulola kugwira payekha. Apa ndi dokotala ndithu koma wa zonse. Ambiri amakagwira kaye ku ma district zaka zingapo. Amene wasankha mpeni amayambanso sukulu, ena kudzera ku COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni a kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa yomwe inayamba mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Arusha, komwe umachita zaka 2 za opaleshoni wamba nkulemba mayeso, kenako zaka zina 3 za urology nkulembanso. Ena amapita ku chipatala cha KCMC ku Moshi ku Tanzania komwe kuli sukulu ya urology yomwe yaphunzitsa madokotala ambiri a dera lathu lino, ena ku South Africa. Mukawerengera mupeza zaka 13, 14, ena 15 chichokereni ku Form 4, anzako omwe munalemba nawo MSCE ana awo ali ku sekondale iwe ukadali ndi mayeso kutsogolo.

Ndipo chodabwitsa nchakuti olo wamaliza zonsezi, si urologist aliyense amene ali ndi dzanja la opaleshoni ya amuna anu. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya urologist ndi prostate ya madala, miyala ya mu impso, khansa ya chikhodzodzo, zambiri mwa izo ndi zochotsa. Kumanganso chomwe chaonongeka ndi luso lina, amati reconstructive urology. Ku America, munthu akatha zaka 5 kapena 6 za urology amawonjezera chaka china cha fellowship pansi pa bungwe la madokotala a ntchitoyi lotchedwa GURS, chaka chonse akungopanga zomwezi. Ife kuno ambiri timaphunzira poima pambali pa munthu wodziwa, kaya kupita miyezi ingapo kunja, kaya kugwira ndi madokotala obwera kudzathandiza ngati a Urolink ochokera ku Britain. Ku Pune ku India kuli Sanjay Kulkarni yemwe chipatala chake ntchito yake yaikulu ndi njira ya mkodzo, ndipo madokotala ochokera maiko ambiri amapita kukaonera. Luso lenilenilo linakulira mmanja mwa anthu ochepa, Richard Turner-Warwick wa ku Middlesex Hospital ku London yemwe ambiri amamutenga ngati tate wa ntchitoyi, anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 95, ndi George Webster wa ku Duke University yemwe mma 1980 anasanja masitepe omwe timatsatira mpaka lero tikakumana ndi munthu ngati amuna anu.

Mwafunsa kuti anaphunzira chani chomwe enawa sanaphunzire. Za mbuku aliyense angawerenge. Chomwe chimatenga zaka ndi chala ndi diso. Amene anandiphunzitsa ine anandisunga miyezi ndikungogwira zitsulo zotambasulira bala, manja kuchita dzanzi, osaloledwa kusoka olo mfundo imodzi. Pakati pa opaleshoni amatenga chala changa nkuchiika pa chipsera, akuti imva apa, kenako nkuchisunthira pang'ono pokha, akuti imvanso apa. Poyamba ndinkangovomera koma kusiyana sindinkakumva. Patapita nthawi chala chinayamba kudziwa chokha kuti apa ndi pakufa, apa ndi pamoyo, poti mnofu wamoyo ndi wofewa, wofiirira, umatuluka timagazi ndipo singano imalowa osalimbana nayo. Chinsinsi chonse chagona pamenepo, uchotse chipsera chonse mpaka ufike pamoyo mbali zonse ziwiri, usoke mnofu wamoyo ku mnofu wamoyo, ndipo pasakhale kukokana. Koma malo ake ndi akuya, opapatiza, kumbuyo kwake kuli thumbo lotulukira chimbudzi lomwe ukaliboola wabweretsa vuto loposa lomwe unalipeza, kutsogolo kuli mitsempha ya magazi yomwe ikang'ambika bala lonse limadzadza nthawi yomweyo. Nde munthu wosazolowera amachita mantha nkusiya kudula msanga. Ine zinandichitikira, mmodzi mwa odwala anga oyambirira ndinasiya kachipsera pang'ono kumtunda chifukwa mtima unkandiuza kuti ndafika patali mokwanira, tinachotsa paipi akukodza bwinobwino, pasanathe miyezi 2 anabwerera mkodzo ukungodontha. Ndinamuuza chilungamo kuti vuto linali dzanja langa, tinabwerezanso ndili ndi wamkulu pambali, zinatheka, koma munthuyo anataya theka la chaka chifukwa cha ine ndipo sindinaiwale.

Nde musawaone ngati osadziwa ntchito madokotala ndi ma clinical officer a pa district. Anthu amenewa amapanga ma caesar usiku wonse, ma hernia, matumbo opotana, dziko lino laima pa iwowo. Kukuuzani kuti iyi si yanga ndi umboni woti ndi anthu abwino pa ntchito yawo. Amene ndimamuopa ine ndi uja amati bweretsani tiyesere.

Tsiku lake likafika zimayenda chonchi. Asanakhudze mpeni amajambula X-ray yapadera, mankhwala ooneka pa chithunzi amalowetsa mbali ziwiri nthawi imodzi, kudzera kunsonga kwa chida ndi kudzera pa paipi ya pamimba ija, kuti nsonga ziwiri zioneke ndi mpata wa pakati uyezedwe, komanso kuona ngati khomo la chikhodzodzo likutseka bwino. Opaleshoniyo dzina lake urethroplasty. Sang'amba pamimba, amadula pansi, pakati pa miyendo, pamalo paja munthu amakhalira akakwera njinga. Amamasula njira yakumunsi kuti itambasuke poti imatanuka ndithu ngati legeni, amalowetsa chitsulo chokhota pa bowo la pamimba lija kutsikira mu prostate kuti nsonga yake imveke ndi chala kuseri kwa chipsera, nkumadula chipseracho pang'onopang'ono mpaka chitsulo chituluke. Nsonga ziwiri zikakumana momasuka, kusoka. Zikakana, apa ndi pomwe masitepe a Webster aja amagwira ntchito, kulekanitsa mizu iwiri ya chida cha abambo kuti njira idutse pakati mofupikitsa, zikakanabe kusema kachidutswa ka fupa lakutsogolo lija kumunsi kwake, ndipo mwa apo ndi apo kuizunguliza njirayo mbali ina. Dokotala amalowa asakudziwa kuti aimira pa sitepe iti, ndiye ayenera kukhala wotha onse, sangafike pakati nkunena kuti apa sindinaphunzire. Kusoka kwake ndi ulusi wopyapyala wosungunuka wokha, mfundo 8 kapena kuposerapo kuzungulira kabowo kosaposa chala chaching'ono, pansi pa dzenje lakuya. Maola 3, nthawi zina 4 kapena 5. Akatuluka amakhala ndi mapaipi awiri, wa pamimba ndi wina wodutsa njira yatsopanoyo, kwa masabata pafupifupi 3 kapena 4, kenako X-ray ina, pakapanda kudontha nkuchotsa. Mmanja mwa munthu wozolowera, pa ulendo woyamba, anthu pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse njira imakhala yotseguka.

Ndinawaonapo abambo akuluakulu akulira tsiku lochotsa paipi atamva phokoso la mkodzo wawo mu ndowa. Wina anaitana akazi ake kuti abwere adzaone.

Za nyama ya mkamwa ndi zoona ndithu, si nthano, koma nthawi zambiri si za vuto ngati la amuna anu. Zimagwira ntchito pomwe njira siinaduke koma yapanikizika mtunda wautali woti sungadule nkulumikiza. Pamenepo timang'amba njirayo mlitali nkuikapo chigamba kuti ikule, ndipo chigamba chabwino kuposa zonse ndi kakhungu ka mkati mwa tsaya, chifukwa kanazolowera kukhala ponyowa, kalibe tsitsi, ndi kolimba komanso kamagwira msanga. Zili ngati kumezanitsa mango, kanthambi kamagwira pokhapokha tsinde lili lamoyo ndipo mwamanga mothina bwino, masiku oyamba kamangoyamwa madzi a pamalopo kenako timitsempha nkumera kulowamo. Mkamwamo mumapola mwa masabata ochepa, munthu amayamba ndi phala. Woyamba kuyesa zimenezi anali Kirill Sapezhko wa ku Ukraine mma 1890, anthu anaziiwala kwa zaka zambiri mpaka zinadzabwereranso mma 1990, ndipo mu 1996 Guido Barbagli wa ku Italy anaonetsa njira yosokera chigamba kumsana kwa njira ya mkodzo pomwe chimakhala ndi potsamira. Nde mukamva dokotala akutchula za tsaya musathawe, mufunse chifukwa chake basi.

Dokotala yemweyu ndi amenenso amakonza kapaipi ka ku impso kakaduka mwangozi pa opaleshoni ya chiberekero, amene amamasula mapaipi otsekeka ndi likodzo mwa anthu a mmbali mwa nyanja ndi ku Chilwa, amene amatenga chidutswa cha thumbo nkupangira mkodzo potulukira pena chikhodzodzo chikachotsedwa ndi khansa, amene amakonza ana obadwa bowo lokodzera lili pansi. Amayi a fistula nawonso ntchito yawo ndi ya mtundu womwewu, ngakhale ambiri amathandizidwa ndi madokotala a amayi omwe anaphunzira mwapadera, ngati ku Bwaila ku Lilongwe, ndipo lamulo lawo ndi lomweli loti kusoka koyamba ndi komwe kuli ndi mwayi. Ku Tygerberg komwe ndatchula kuja, mu December 2014, André van der Merwe ndi timu yake anaika chida cha abambo chochokera kwa munthu womwalira pa mnyamata yemwe anataya chake mdulidwe wa kumudzi utalakwika, ndipo chinagwira, koyamba padziko lonse. Ndikutchula izi kuti muone kuti manja otere ku Africa kuno alipo, ochepa koma alipo. Vuto lathu ndi loti munthu mmodzi yemweyo akudikiridwa ndi anthu mazana, ndipo wa khansa ndi wa impso zomwe zikufa amalowa patsogolo pa munthu yemwe ali ndi paipi koma moyo wake suli pa chiswe. Zimawawa koma ndi mmene mndandanda umayendera.

Za ku India. Madokotala abwino a ntchitoyi kumeneko aliko ndithu, ena ndi apamwamba padziko lonse. Koma India ndi dziko lalikulu, ndipo si chipatala chilichonse chonyezimira pa Facebook chomwe chili ndi munthu wa dzanja limeneli, ma agent ena amangofuna commission. Komanso opaleshoni siithera pa tebulo, pakufunika X-ray yotsatira, kuchotsa paipi, kuyezedwa pakapita miyezi 3, 6, chaka, ndiye mukabwerako zikavuta mudzapita kwa ndani malo mutagulitsa? Maganizo anga ndi oti yambani mwaonana ndi urologist kuno konkuno, pemphani kalata yopita ku Queens kapena ku Kamuzu Central, ajambule X-ray ija aone mpata. Iyeyo akanena yekha kuti iyi yakula ikufunika kunja, pamenepo nde muyambe kuganiza za ndalama, ndipo akuuzeni dzina la dokotala woti mupiteko osati dzina la chipatala chokha. Kaya ndi kuno kaya ndi kunja, funsani mosaopa, adokotala opaleshoni yolumikiza njira yoduka ndi ngozi ya mchiuno mumapanga kangati pa chaka, mpata wa amuna anga ndi masentimita angati, nsonga zikakana kukumana mudzatani, zikatsekekanso tidzatani. Kwathu kuno timaona ngati kufunsa dokotala chonchi ndi mwano. Si mwano. Munthu wodziwa ntchitoyi amakondwa nawo mafunso amenewa ndipo amatenga pepala nkukujambulirani, amene wapsa mtima nawo mudziwe kuti pali chomwe akubisa.

Pali nkhani ina yomwe simunafunse koma ndikudziwa ili mumtima, ya kuchipinda. Mitsempha yomwe imadzutsa chida cha abambo imadutsa mmbali mwa prostate pomwepo pomwe njira inadukira, nde ngozi yomweyo imatha kuivulaza, ndipo abambo ambiri ovulala chonchi mphamvu zimachepa kapena kutha kaye. Gwero lake nthawi zambiri ndi ngoziyo, osati paipi, osati opaleshoni, osatinso kuti wina anawachita chipongwe kapena kuti sakukufunani. Kwa ena zimabwerera pang'onopang'ono mpaka chaka kapena zaka 2, kwa ena pamafunika mankhwala ndipo alipo. Muwauze adokotala mmene zilili pano opaleshoni isanachitike kuti zilembedwe. Abambo paokha sanena, amaopa mawu aja onyoza akuti wagwa mpapaya, amangokhala chete nkumapsa mtima ndi ana pa zinthu zazing'ono, ena mpaka kuganiza zoipa. Mukaona akudzipatula, sakudya, akuyankhula zoti bola ndikanafa pa ngozi pompaja, musazitenge mopepuka, uzani a chipatala tsiku lomwelo.

China choti musunge mmutu mpaka kukalamba. Munthu ali ndi zotsekera mkodzo ziwiri, china pa khomo la chikhodzodzo china pansi pa prostate. Ngoziyi kawirikawiri imaononga chapansicho, nde akachira amadalira chapamwamba chokha. Tsiku lina akadzakula nkuyamba vuto la prostate, dokotala wina osadziwa mbiri akadzapala prostate mmene timachitira ndi madala ena, chotsekera chotsalacho chipita ndipo mkodzo uzidzangotuluka. Nde zilembedwe mkabuku ka kuchipatala ndi zilembo zikuluzikulu ndipo inu mudzakumbutse.

Pakadali pano paipiyo muisamale ngati ndi yomwe ikusunga impso, chifukwa ndi momwe zilili. Isinthidwe pa nthawi yomwe anakuuzani, kawirikawiri masabata 4 mpaka 6, isapitirire poti imamera timiyala nkutsekeka. Amwe madzi ambiri, malita 2 kapena kuposa pa tsiku, ambiri amachepetsa kumwa kuti thumba lisadzadze msanga pagulu ndipo ndi zomwe zimabweretsa fungo ndi matenda. Thumba likhale mmunsi mwa chiuno nthawi zonse, usiku muike mu beseni pansi pa bedi osati pa mphasa pambali pawo. Pabowopo madzi ndi sopo basi, osapaka mankhwala azitsamba kapena phulusa. Mkodzo kuoneka wa mtambo pang'ono popanda kutentha thupi si chifukwa chomwera ma antibiotic ogula pa grocery, kumwaimwa kumangolimbitsa tizilombo nkudzativutitsa tsiku la opaleshoni. Koma akatentha thupi nkumanjenjemera, akamva kuwawa mmbali mwa msana, mkodzo ukasiya kutsika mthumba kwa maola angapo mimba nkumatupa, thamangani. Paipi ikazuka yokha musadikire kuche, kabowo kaja kamayamba kutsekeka mwa maola ochepa. Ngati amasuta fodya asiye panopa chifukwa fodya amafinya timitsempha tomwe tikufuna tidzadyetse msoko uja. Ndipo akadzachira njinga asakwere msanga, ambiri timati miyezi 3, poti chishalo chimakhala pa msoko penipeni, nde muyambiretu kukambirana kuti njingayo, ngati inatsala yoyenda, agwire kaye mnyamata wina azibweretsa ya tsiku.

Popita kukaonana ndi urologist mutenge kabuku konse, ma X-ray a tsiku la ngozi olo akhale ojambula pa foni, ndi kalata yochokera komwe anaikidwa paipi. Ndipo mulowe nawo mchipindamo inuyo, musatsale pa benchi panja.